Kuchoka Folomu 4 kupita ku koleji: zoyenera kuchita ndi nthawi yake

Ku sekondale belu limakudzutsa, limakulowetsa m'kalasi, limakuitanira ku nsima, ndipo ukajomba ahedi amadziwa dzuwa lisanalowe. Ku koleji zimenezo kulibe. Ukagona mpaka 11 koloko palibe akugogodere, fomu ikadutsa tsiku lake palibe akuthamangire nayo. Amene amabwerera kumudzi chaka choyamba chisanathe si kuti ndi mbuli ayi, ena anakhoza bwino kuposa anzawo otsala. Chimawagwetsa kawirikawiri ndi zinthu zimene akanatha kukonza adakali pakhomo pa makolo: kusankha maphunziro mwachimbulimbuli, mapepala osalongosoka, ndalama zosakambirana, ndi manyazi ofunsa. Malangizo awa ndawayala motsata nthawi, kuyambira pamene udakali mu yunifolomu.

Gawo 1: Usanalembe mayeso, dziwa phunziro limene likutsegulire khomo

Pa MSCE a MANEB amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza chabe, 9 walephera. Mapointi amene anthu amatchula aja amapezeka pophatikiza maphunziro 6 amene wachita bwino koposa, n'chifukwa chake wa mapointi 6 amatuluka m'nyuzipepala. Kuti akuganizire ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Ukapeza 7 pa Chingerezi, ngakhale kwinako kutakhala ma 1 okhaokha, khomo latsekeka.

Cholakwika chimene chimabwerezeka chaka ndi chaka ndi kuwerengera mapointi okha. Tenga mwana amene wapeza 3 pa Chingerezi, 2 pa Chichewa, 2 pa Zaulimi, 2 pa Bayoloje, 3 pa Jogalafe ndi 6 pa Masamu. Ali ndi mapointi 18, kwawo amuphera nkhuku. Koma ngati mtima wake uli pa uinjiniya, 6 wa Masamu uja wamupweteka kale, chifukwa osankha amayang'anitsitsa maphunziro amene akugwirizana ndi pulogalamu imene wapempha. Uinjiniya umafuna Masamu ndi Fizikisi. Zachipatala zimafuna Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Zowerengera ndalama nazonso n'za Masamu. Mnzake wa mapointi 22 amene ali ndi 2 pa Masamu ndi 3 pa Fizikisi atha kumudutsa iye akuona.

Choncho teremu ino, osati mayeso atatha, pita kwa ahedi kapena mphunzitsi amene mumagwirizana, upemphe kuona chilengezo cha chaka chatha cha bungwe la NCHE, limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite a boma. Ngati pasukulu palibe, chimapezeka pa intaneti. Lemba mapulogalamu atatu amene ukuwalakalaka, pansi pa iliyonse ulembe maphunziro amene akufunika, kenako uyerekeze ndi zimene unapeza pa moko. Pamene paperewera kwambiri ndi pamene pathere maola ako owerenga. Ambiri amakonda kubwereza phunziro limene amalidziwa kale chifukwa limakoma kuwerenga, n'kumathawa Masamu mpaka sabata yomaliza.

Gawo 2: Longosola mapepala

Gawo ili n'lotopetsa koma silitenga nthawi. Dzina lako likhale limodzi paliponse: kwa MANEB, pa chiphaso cha unzika, ku banki, pa fomu iliyonse. Kwathu kuno mwana amayamba pulayimale ndi dzina la agogo, ku sekondale n'kulemba la bambo, pachiphaso n'kutuluka Mpatso pamene kusukulu ndi Mphatso. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumatha kukuimitsa pa mzere wa kalembera sabata yathunthu. Ukaona kusiyana, kafunse ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso za unzika, kwa a DC kapena kwa ahedi pompano, nthawi idakalipo.

Chiphaso cha unzika amapereka kuyambira zaka 16, ndiye ngati ulibe kapena chinatha nthawi, yamba nacho chimenecho. Gula simu yolembetsedwa m'dzina lako, usamaisinthesinthe, chifukwa nambala imene ulembe pa fomu ndi imene akufunirepo. Tsegula imelo ya dzina lako lenileni, osati maina oseweretsa a pa Facebook aja, ndipo pasiwedi uilembe m'kope limene silichoka pakhomo. Ukachoka pasukulu usasiye ngongole ya fizi kapena buku la ku laibulale, chifukwa sukulu zambiri sizipereka pepala la zotsatira kwa munthu wangongole. Pepalalo likafika m'manja, chita fotokope zingapo, ulijambulenso bwino ndi foni n'kudzitumizira pa imelo.

Gawo 3: Miyezi yodikira isapite pachabe

Kuchoka tsiku lolemba pepala lomaliza kufika tsiku lolowa m'kalasi la ku koleji pamadutsa miyezi yambiri, nthawi zina chaka. Nthawi imeneyi ndi imene ena amatenga mimba kapena kupereka mimba, ena amazolowera bawo ndi kachasu, ena amangogona mpaka mutu kuchita dzimbiri.

Chinthu chimodzi chimene ndingakukakamize ndi kompyuta. Ku koleji ntchito zambiri amafuna zotayipa, zina amatumiza pa intaneti, zotsatira za mayeso umaziona pa intaneti. Mwana wochokera ku CDSS amene sanagwirepo kompyuta amatha usiku wonse akusaka zilembo ndi chala chimodzi pamene mnzake anamaliza kalekale n'kukagona. Nzeru n'zofanana, kusiyana n'kuzolowera basi. Peza malo, kaya ndi ku laibulale ya National Library Service ya m'dera lanu, kaya ku ofesi ya mpingo, kaya kwa wachibale wa laputopu, uphunzire kutayipa mu Word, kuwerengera mu Excel, kutumiza imelo yokhala ndi chikalata, ndi kusandutsa chikalata kukhala PDF. Zinayi zimenezi zikukwanira poyambira.

Werenganso Chingerezi chachitali, osati mauthenga a pa WhatsApp okha. Nyuzipepala yathunthu, buku lathunthu. Ndipo gwira ganyu kapena kageni, kaya n'kuphunzitsa ana a Sitandade 8, kaya kugulitsa mandasi kapena tomato. Ndalama zake n'zochepa, koma zikugulira ndowa ndi bulangete, komanso uphunzirapo kusunga ndalama mpaka mawa.

Gawo 4: Kulemba fomu yopempha malo

Mayunivesite a boma alipo 6. UNIMA ili ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ili ndi masukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, LUANAR ili ku Bunda ndi ku NRC m'boma la Lilongwe, Mzuni ku Mzuzu, ndipo MUST ili ku Thyolo. Makolo ndi amalume adzakuuzabe za Chanco, Poly, College of Medicine ndi KCN. Sakunama, amenewo anali makoleji a University of Malawi isanagawidwe mu 2021: Chanco ndiye UNIMA ya lero, Poly ndiye MUBAS, College of Medicine ndi KCN anaphatikizana kukhala KUHeS. Bunda inali itachoka kale kukapanga LUANAR.

Zotsatira zikatuluka, tchera khutu ku wailesi, nyuzipepala ndi masamba enieni a NCHE. Chilengezo chikatuluka chiwerenge chonse, mzere ndi mzere, chifukwa zofunika zimasintha chaka ndi chaka: ndalama zolipira pofunsira, zaka za MSCE zimene akulandira, mapulogalamu atsopano. Zimene anachita mkulu wako zaka zitatu zapitazo si lamulo la chaka chino.

Pa fomu amakupatsa malo olemba mapulogalamu angapo motsatana, ndipo ndondomekoyo ili ndi ntchito. Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Amadzaza malo onse ndi mapulogalamu amene dziko lonse likulimbirana, udokotala, zamankhwala, uinjiniya, zowerengera ndalama, ndipo akalephera poyamba amagwa ponseponse. Poyamba ika imene ukuifunitsitsa ndipo magiredi ako akuloladi. Pakati ika zimene uli ndi mwayi wooneka. Kumapeto ika imodzi kapena ziwiri zimene anthu salimbirana kwambiri koma iwe utha kuziphunzira zaka zinayi osadandaula. Usalembe pulogalamu imene sungapiteko atakusankha; malo amenewo wataya.

Dziwanso kuti mapulogalamu ena ali ndi njira yakeyake. Digiri ya zamalamulo ku UNIMA, mwachitsanzo, kwa zaka zambiri salowa munthu kuchokera ku Folomu 4 mwachindunji. Umayamba pulogalamu ina, ukakhoza bwino n'kudzapempha. Wofuna kukhala loya ayenera kudziwa zimenezi asanadzaze fomu.

Ngati ukukalembera pamalo olipiritsa intaneti, khala pampando iweyo. Usasiyire mnyamata wa pamalopo kuti "angokudzazira", chifukwa iye akuthamangira kasitomala wina ndipo nambala ya pulogalamu akailakwitsa wolira ndiwe. Werenga kawiri usanatumize, sunga risiti ya ku banki, ndipo usadikire tsiku lomaliza, pamene aliyense ali pa netiweki yomweyo. Wina akakuimbira kuti ali ndi munthu mkati, utumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lako lituluke, dula foni. Ameneyo ndi wakuba.

Nanga akuluakulu akafuna zawo? Zimachitika kuti amalume amene akulipira fizi anena kuti m'banja muno mukufunika namwino, basi. Usakangane nawo pagulu, ndipo usangovomera n'kukalemba zina mobisa. Apezere nthawi ali okha, utenge pepala la zotsatira ndi chilengezo chija, uwauze kuti, "Amalume, zimene mwanena ndamva, koma taonani zimene akufuna pa Bayoloje, ndiye taonani zimene ndinapeza ine." Akuluakulu ambiri amamva akaona pepala kusiyana ndi akamva zakuti "mtima wanga sukufuna".

Gawo 5: Dzina likapanda kutuluka

Okhoza bwino ndi ambiri kuposa malo amene alipo, ndiye kutsala si umboni wakuti ndiwe wolephera. Lira tsiku limodzi, mawa lake uyambe kuyang'ana kwina. Kuli Domasi College of Education ndi Nalikule College of Education kwa ofuna kuphunzitsa ku sekondale, kuli ma TTC kwa ofuna pulayimale. Kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a unamwino a zipatala za mipingo za CHAM. Kuli makoleji a ntchito zamanja a pansi pa ndondomeko ya TEVETA monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kumene munthu amatuluka ndi luso la zamagetsi, zomangamanga, zamipope kapena zamagalimoto. Ine sindiona chifukwa chonyozera njira imeneyi; wamagetsi wodziwa ntchito yake sayenda ndi envulopu m'maofesi. Mayunivesite a boma omwewo alinso ndi maphunziro a ODeL, ophunzira uli kwanu n'kumapita kusukulu nthawi ndi nthawi. Ambiri mwa amenewa amalengeza paokha, nthawi zosiyana, ndiye si nzeru kudikira mndandanda umodzi wokha manja ali m'thumba.

Ukaganiza za yunivesite yomwe si yaboma, monga Catholic University ku Nguludi, University of Livingstonia, Nkhoma University, Malawi Adventist University ndi ena, chita chinthu chimodzi usanalipire tambala: ona pa mndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka. Sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu ina isanavomerezedwe. Za unamwino funsanso ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Chikwangwani chokongola pamsewu si chilolezo.

Kubwereza Folomu 4 n'kwabwino pamene ukudziwa phunziro limene linakugwetsa ndi chimene usinthe. Kubwereza chifukwa chosowa chochita kumangobweretsa magiredi omwewo.

Gawo 6: Khalani pansi pa nkhani ya ndalama

Dzina likatuluka pamakhala nthungululu, aliyense amalonjeza. Azakhali akuti sopo ndi wawo, achimwene a ku Johannesburg akuti laputopu musadandaule, amalume akuti fizi ndi nkhani yaing'ono. Pakatha miyezi iwiri mafoni sakuyankhidwa. Si kuti ndi anthu oipa. Analonjeza ali m'chisangalalo, osadziwa kukula kwa katunduyo.

Ndiye pempha amayi kapena abambo aitanitse achibale, iwe ubwere ndi pepala lolembapo zonse: fizi ya semesita monga yalembedwera m'kalata yokuitana, lendi, chakudya, thiransipoti yopita ndi yobwerera, fotokope ndi kupulinta, bandulo ya intaneti, sopo, mapadi ngati ndiwe mtsikana, ndi kangachepe kosungira matenda. Mitengo ya lendi ndi chakudya funsa kwa amene akuphunzira kumeneko panopa, osati amene anamaliza kale. Kenako aliyense anene chimene atenge, zingati, ndi mwezi uti. Wolonjeza zochepa koma mwezi uliwonse ndi wothandiza kuposa wolonjeza zambiri "zikayenda". Ngati banja limadalira fodya, soya kapena chimanga, kumbukirani kuti ndalama zimabwera nthawi yokolola pamene fizi imafunika nthawi yotsegulira. Mugwirizane zopatula msanga zisanalowe ku feteleza.

Ngongole ya boma imaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Imathandiza ophunzira osowa pa fizi ndi zofunika zina. Zinthu zitatu uzidziwe. Siibwera yokha chifukwa wasankhidwa, umachita kufunsira, ndipo ili ndi tsiku lake lotsekera. Si onse opempha amalandira, ndipo olandira sikuti amalandira zonse zimene anapempha. Chachitatu, ndi ngongole, idzabwezedwa ukamaliza. Lemba zoona zokhazokha za kwanu, ndipo ngati makolo anamwalira kapena pali chilema, konzeratu mapepala otsimikizira. Usanyamuke kwanu ukudalira kuti ndalama ya ngongole uipeza ikukudikira pageti. Nyamula zokukwanira mwezi woyamba. Ngati kuli bungwe kapena mpingo umene unakulipirira ku sekondale, alembere kalata sabata yomweyo dzina latuluka, uikemo kalata yokuitana.

Ndalama ikalowa, lipira lendi ndi kugula ufa, nyemba, soya, mafuta ndi makala tsiku lomwelo. Zotsalazo uzigawe pa masabata, usiye ku akaunti, uzitapa za sabata imodzi yokha. Sabata yoyamba ndalama zikatuluka pasukulu pamakhala ngati Khirisimasi: tchipisi ndi nkhuku, nsapato zatsopano, foni yatsopano. Pofika sabata yachitatu anthu omwewo akudya kamodzi patsiku. Katapila ndi kubetcha mpira pafoni ndiye usayambe n'komwe. Amene anayamba ndi "kungoyesa" ena anabetcha fizi.

Gawo 7: Pogona ndi katundu

Malo m'mahositelo a pasukulu ndi ochepa, ambiri amakhala kunja. Kalata yokuitana imanena m'mene ungapemphere malo. Pempha tsiku lomwelo. Ukalephera, ophunzira a ku Zomba ambiri amachita lendi ku Chikanda ndi madera oyandikira, a ku Mzuzu ku Luwinga, a ku MUBAS cha ku Chitawira ndi malo ozungulira. Usatumize ndalama ya nyumba imene wangoiona pachithunzi m'gulu la WhatsApp. Pita wekha kapena tuma munthu amene ukumudziwa akaone: madzi akutuluka? Chimbudzi mukugwiritsa ntchito anthu angati? Loko wa chitseko ndi wolimba? Magetsi alipira ndani? Kuchoka ku laibulale usiku, njira yake ndi yotani? Funso lomalizali, makamaka kwa atsikana, likhale loyamba. Nyumba yotchipa imene ikufuna kabaza tsiku lililonse si yotchipa. Ukalipira, alandilodi alembe risiti, ngakhale papepala la m'kope.

Katundu usachulutse: zofunda, neti ya udzudzu, ndowa, mbale, kapu, kapoto, tochi, loko, zovala zabwino ziwiri zokaonekera pamaso pa kalasi, ndi juzi yolimba ngati ukupita ku Mzuzu, Zomba kapena Thyolo. Mapepala ako onse akhale m'chikwama chimene chili pamiyendo pako m'basi, osati m'thumba limene lakwera pamwamba. Laputopu ndi yothandiza koma usachedwe kupita kusukulu chifukwa chosowa. Foni yabwinoko ndi makompyuta a pasukulu zikuyendetsa poyamba.

Mesho wako, munthu amene mugone naye chipinda chimodzi, mwina simudzasankhana. Tsiku loyamba lomwe kambiranani za alendo, nyimbo, nthawi yozimitsa getsi, ndi ngati muziphika pamodzi. Zikakambidwa mochedwa zimakambidwa mokalipa.

Gawo 8: Masabata awiri oyamba

Usajombe sabata yolandira atsopano poganiza kuti n'zongoyendayenda. Ndi pamene amakuonetsa kalembera, laibulale, kachipatala, ofesi ya Dean of Students yoona za umoyo wa ophunzira, ndi malamulo a mayeso. Maliza kalembera wonse mpaka uone dzina lako pa kosi iliyonse imene uyenera kuphunzira, chifukwa kulowa m'kalasi usanalembetse kosi kuli ngati sunalowe. Tenga nambala ya kilasi repu, wophunzira woimira kalasi yanu, ulowe m'gulu la WhatsApp la kalasi, poti kusintha kwa nthawi ndi chipinda kumalengezedwa mmenemo.

Akale pasukulu adzakutcha yaro, kutanthauza wa chaka choyamba, ena adzakuseka ukasochera. Kuseka n'kwabwinobwino, kumatha. Koma wina akakumenya, kukulanda ndalama kapena kukukakamiza zimene sukufuna, imeneyo si miyambo ya pasukulu, ndi mlandu, ukanene. Atsikana atsopano amathamangiridwa kwambiri masabata amenewa, ndi akale pasukulu komanso azibambo amagalimoto a m'tauni. Amene akukufunadi adikira semesita ithe.

Peza mmodzi wa chaka chachiwiri kapena chachitatu wa pulogalamu yako, wooneka kuti ndi wakhama, umufunse kosi imene imagwetsa anthu, mabuku ofunikadi, ndi mapepala a mayeso akale. Safunsa anadya phula. Magulu a mapemphero monga SCOM, YCS kapena a ophunzira achisilamu, kwaya, timu ya mpira, ndi malo abwino opezera anzako, bola ulowe limodzi kapena awiri. Ena amapezeka ku mapemphero usiku uliwonse n'kulephera mayeso, zimene Mulungu sanawatume.

Gawo 9: Phunzira kuphunzira kwa ku koleji

Ku sekondale aphunzitsi amalemba notsi pabolodi, iwe n'kukopera, n'kudzaloweza. Kuno mphunzitsi amalankhula ola limodzi m'holo ya anthu mazana, kutchula mitu itatu ya m'buku, n'kutuluka. Zotsalazo n'zako. Tsiku loyamba amapereka pepala la ndondomeko ya kosi: mitu, mabuku, masiku a mayeso, ndi kagawidwe ka malikisi. Ambiri amalipinda n'kuliiwala m'chikwama. Iwe lemba masiku onsewo pakalendala imodzi, uipachike pamene umaiona ukadzuka.

Malikisi sachokera pa mayeso omaliza okha. Ma asainimenti, timayeso ta pakati pa semesita ndi ntchito za mu labu zimawerengedwa, ndipo amene wazitaya amalowa mayeso omaliza ali kale m'dzenje. Ukalephera kosi pang'ono amakupatsa mwayi wolembanso, umene ophunzira amati sapu. Ukalephera zambiri umabwereza chaka kapena kuchotsedwa, kumene amati kuwididwa. Malire ake amasiyana sukulu ndi sukulu, ali m'buku la malamulo limene ukapatsidwe, liwerenge usanalifune.

Maola opanda kalasi masana ndiwo nthawi yowerenga, si yogona. Bwereza notsi tsiku lomwelo zidakali m'mutu. Khala ndi kagulu ka anthu atatu kapena anayi kokambirana, osati khumi, chifukwa khumi amakambirana za Bullets ndi Wanderers. Ndipo pamene sunamve, pita ku ofesi ya mphunzitsi nthawi imene anaika. Ana ochokera kumudzi ambiri amaopa, amati Chingerezi chawo n'chothyoka, anzawo a ku sukulu zapamwamba awaseka. Chingerezi chimawongoka ndi kulankhula komweko, ndipo pofika chaka chachiwiri palibe amakumbukira kuti unachokera sukulu iti.

Kukopera ntchito ya mnzako, kapena kutapa pa intaneti ndi pa ChatGPT n'kupereka ngati zako, ndi mlandu umene umachotsetsa sukulu. Phunzira msanga kutchula kumene watenga mfundo. A ku laibulale amaphunzitsa zimenezi ulere. Mphunzitsi kapena wina aliyense akakuuza kuti malikisi ako ali m'manja mwake ukapanda kugona naye, sunga mauthengawo, uuze munthu amene umamukhulupirira, mupite limodzi kwa Dean of Students.

Gawo 10: Thupi lako, mtima wako, ndi kwanu

Ngati umamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, kaya a khunyu, mphumu kapena shuga, tenga kalata yosamutsira kuchipatala chako usananyamuke ndipo ukalembetse kumene ukupitako mankhwala asanathe. Ena amasiya kumwa poopa kuti mesho aona botolo. Moyo ndi wako, botolo lisunge m'chikwama chokhoma. Ngati uli ndi ulumali, dziwitsa sukulu usanafike kuti akonzeretu chipinda ndi zofunika pa mayeso. Ukayamba zogonana, kondomu ndi kuyezetsa magazi si nkhani yochitira manyazi, zonse zili kukachipatala ka pasukulu.

Kusowa kwanu kumagwira pafupifupi aliyense mwezi woyamba. Koma ukaona kuti masabata akupita sukugona, sukudya, sukufuna kuona munthu, kapena ukuganiza zodzipweteka, uza wina tsiku lomwelo: mlangizi wa pasukulu, namwino, abusa, shehe, kapena mnzako. Ndalama zikatheratu usabisale m'chipinda. Ofesi ya Dean of Students ndi bungwe la ophunzira amadziwa kumene kumapezeka thandizo, koma amathandiza amene waonekera. Zikafika poti sungapitirize, usangozimiririka. Lemba kalata yopempha kuimitsa maphunziro mwalamulo kuti malo ako asungike.

Kwanu uziimba, ngakhale kamodzi pasabata, osati pokhapokha ukafuna ndalama. Uwauzenso poyera kuti ndalama ya ngongole si malipiro, chifukwa ena akamva kuti boma lakupatsa ndalama amayamba kukutumizira mavuto a pakhomo. Ukathandiza kamodzi pa matenda palibe cholakwika, koma ukasanduka wogula ndiwo za kwanu semesita siitha.

Semesita ikamatha, patula ndalama ya basi usanayambe mayeso, ugwirizane ndi alandilodi za katundu ndi lendi ya nthawi ya holide, ndipo ubweze mabuku a ku laibulale. Uli kwanu uziyang'ana zotsatira pa intaneti. Ngati kumudzi netiweki ndi yovuta, pangana ndi mnzako wa m'kalasi kuti akuimbire zikangotuluka. Masiku a sapu amalengezedwa nthawi yochepa, ndiye notsi za kosi imene sunailembe bwino upite nazo kwanu.